Mapeyala a Orsola pa Udzu wa Maapozi

Mkazi woyembekezera akalakalaka chakudya, mupatseni tsiku lomwelo. Ngati chakudyacho palibe, muyang'anireni manja. Kuno pansi pa phiri la Taburno palibe amene sadziwa: akangodzikhudza mtima uli pa chinthu chimene sanadye, mwana amabadwa ndi banga pamalo pomwepo, lofanana ndi chinthucho. Amene amaseka zimenezi apite akaone woimba belu wa kutchalitchi. Tsaya lake lonse lili ngati anamuthira vinyo, ndipo wakalamba wopanda mkazi.

N'chifukwa chake chaka chimenecho mayi Nunziata ankagwira ntchito diso limodzi lili pa maapozi, lina pa manja a mpongozi wawo.

Mpongoziyo anali Orsola, mtsikana wa kumpoto kwenikweni, kumapiri a ku Piemonte. Sabatino, mwana mmodzi yekhayo wa a Nunziata, anakamupeza kumeneko akugwira ntchito kufakitale, n'kubwera naye kuno. Mayi ake a mtsikanayo ku ukwati sanafike. Anati amene wasankha anthu akum'mwera wasankha yekha. Orsola sankawatchula. Koma mimba itakula, anayamba kulakalaka mapeyala a kwawo, amene kumeneko amawatcha martin sec.

"Ndi otani mapeyala akowo, oti kuno kulibe?" anamufunsa a Nunziata.

"Ndi aang'ono, mayi, a njere ngati za apozi. Ofiira. Ofiira mpaka m'kati, ofewa oti supuni imangolowa yokha. Mayi anga akawaika patebulo nyumba yonse imanunkhira."

"Chotsa dzanja pakhosi. Ukafuna kukanda, kanda kumatako, kumene anthu saonako."

Orsola anaseka, koma dzanja anachotsa. Lamlungu lotsatira anapita kugolosale kumene kunali telefoni, nauza mwini sitolo wa kwawo kuti akapereke uthenga kwa mayi ake: mwana wanu ali ndi pakati, akupempha mapeyala. Pobwera anangoti, "Ndapempha kamodzi. Kawiri sindipempha. Akatumiza, ndiye kuti ndikadali mwana wawo."

Inali nyengo ya maapozi a annurca. Amenewa sawadikira mumtengo, phesi lawo n'lalifupi, ukawasiya amagwa n'kuvulala. Amawathyola ali obiriwira, n'kuwagoneka pa mabedi a udzu wouma, ndipo akazi amagwada kuyambira m'mawa kuwatembenuza limodzilimodzi, mbali yotuwa ione dzuwa, kufikira onse atafiira. A Nunziata anayamba ntchitoyi asanamere mano onse. Mawondo awo anali ndi zikang'a ngati za mbuzi. Kwa iwo chipatso chilichonse chouma mtima chinali ndi mankhwala amodzi: udzu, dzuwa ndi dzanja.

Kabokosi kanafika tsiku limene Sabatino anaperekeza mkazi wake kusikelo. Dalaivala wa lole yonyamula zipatso anakatula pageti, nati n'kochokera kumpoto, nayendetsa. A Nunziata anakalowetsa m'khitchini. Pamwamba panali nsalu yopukutira mbale, ya mizere yobiriwira, yosokedwa chigamba pakona. Anaivundukula.

Timapeyala tating'ono, totuwa ngati dzimbiri, ta khungu lokhakhala. Anadina kamodzi ndi chala. Mwala. Analuma, dzino lawo lakutsogolo linagwedezeka, ndipo m'kamwa munadzaza ngati mchenga.

Anakhala pampando. Ofiira ali kuti? Ofewa ali kuti? Mkazi wakumpoto uja watumiza zosapsa, kaya mwadala kaya mwa umbuli. Mtsikana akaziona, mtima ulumpha, koma kudya sadya. Dzanja lipita kumaso, mwana abadwa ndi peyala pamphumi. Akazidya zili chomwechi, m'mimba mupota, ndipo mimba yokula siseweretsedwa. Njira zonse ziwiri zinali ndi minga. Koma anthu a kuno amadziwa chochita ndi chipatso chothyoledwa msanga.

Ananyamula kabokosi kupita kumabedi. Kumapeto kwa bedi lomaliza, pafupi ndi mpanda kumene Orsola sankafikako, anasuntha maapozi n'kuyala mapeyalawo pa udzu, mapesi onse kuloza mbali imodzi. Masiku ochepa chabe, anatero mumtima. Akafiira ndidzawaika m'mbale, iye adzalowa n'kuwapeza. Kabokosi anakawaza nkhuni. Nsalu ija anaisunga yofunditsa mapeyala dzuwa likakula.

Madzulo Orsola analowa akupuma movutika.

"Palibe chabwera, mayi? Lole ya zipatso tinakumana nayo pamlatho."

Apa ndi pamene munthu ayenera kusamala, chifukwa liwu limodzi limatseka khomo limene sudzalitsegulanso mosavuta.

"Palibe, mwana wanga."

Maapozi anafiira monga mwa masiku onse. Oyamba anawatola n'kuika m'madengu, ena anatenga malo awo. Tsiku la Oyera Onse linafika n'kupita. Mapeyala ayi. A Nunziata ankawatembenuza m'mawa anzawo asanafike, ankawawaza timadzi monga amachitira ndi maapozi mphepo ikauma, ankawadina pakhosi. Mbali yoona dzuwa inkangoderako pang'ono. Kufewa osafewa. Kenako khungu linayamba kukwinyika ngati la nkhalamba.

Kunyumba Orsola anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kufunsa. Lole ikamveka pamsewu ankaima ndi mpeni m'manja mpaka phokoso litatha. Chakudya ankangochisuntha m'mbale. A Nunziata anamuotchera maapozi mu uvuni ndi shuga pakati, anamuwiritsira ena ndi nkhuyu zouma ndi uchi, anamupalira ena ndi supuni ngati khanda. Mtsikana ankalawa kawiri n'kunena zikomo.

"Idya. Annurca imadzutsa ngakhale wodwala malungo."

"Ndi abwino, mayi. Koma si amenewo."

Dzanja lake linakwera kupita kutsaya. A Nunziata analimenya lisanafike, supuni inagwa pansi. Anayang'anana.

Amene anatulukira chinsinsicho anali Gelsomina, mnansi wawo, amene anagwada nawo pa udzu kuyambira ali atsikana, mkazi wa pakamwa posatseka. Tsiku lina anafika msanga, nawapeza atawerama pafupi ndi mpanda.

"Nunzia, ukuikira mazira kumeneko?"

"Pita kubedi lako."

Gelsomina anakoka nsalu ija. Anayang'ana, natola peyala limodzi, naligogoda pa mtengo wa mpanda.

"Izi ndi mbatata kapena zidendene za amuna ako omwalira aja?"

"Tsitsa mawu. Ndi za mtsikana. Zinabwera zosapsa."

"Liti?"

"Tisanakolole mitengo ya kumtunda."

Gelsomina anasiya kuseka. "Ndiye mwana wa eni akuonda m'nyumba, akuti mayi ake amutaya, iwe uli pano ukulera miyala? Wamufunsa mwini wake kuti zimapsa bwanji?"

"Ndimufunse bwanji? Ndinamuuza kuti palibe chabwera."

"Safunsa anadya phula, mnzanga. Kamuuze lero."

"Ndimuonetse zimenezi? Taona makwinya. Adzati ndinabisa dala, apongozi akum'mwera ndi mfiti monga ananenera mayi ake. Zingofiira kaye. Lifike Lamlungu."

"Lamlungu la chaka chanji?"

Lamlungu linafika. A Nunziata anadula peyala limodzi kuti aone m'kati. Kunja kunali kolimba, koma pamtima, pozungulira njere, panali patada. Anadula lina, chimodzimodzi. Peyala lachitatu linali loyera. Anakwirira awiri owolawo pansi pa mpanda. Chipatso chikayamba kuwola m'kati sichibwerera, ndipo chimaitana anzake.

Tsiku lomwelo patebulo, Orsola anaika foloko pansi.

"Ndikupita kwathu. Basi ya Lachitatu m'mawa ikandisiya kusiteshoni."

Sabatino sanadzutse mutu. Zinaoneka kuti awiriwo anali atakambirana kale.

"Ndi mimba imeneyo? Sitima ya tsiku lonse, kugwedezeka, kuzizira, anthu okhosomola?"

"Ndikufuna akandiuze ndi pakamwa pawo kuti sindine mwana wawo. Akakandibweza pakhomo, ndikagona kwa azakhali. Mapeyala ndikagula pamsika ndi manja angawa. Ndikachilira komweko."

"Mayi, musiyeni," anatero Sabatino. "Akabereka abwera."

"Ndani anabwerako? Mpongozi wa wometa tsitsi uja anapita kukachilira kwawo. Mwana tsopano ali pasukulu, agogo ake amamudziwira pa chithunzi. Mwana amakhala wa kumene wagwera mchombo. Iwe udzawalondola, ine mudzandipeza nditauma pa udzu."

"Sindikuthawa inu, mayi," anatero Orsola mofatsa. "Inu mwandichitira zonse."

Mawu amenewo anawalasa a Nunziata kuposa chipongwe. Ananyamuka n'kuyamba kuchotsa mbale zimene anthu anali asanamalize.

Masiku awiri otsalawo anayesa zonse zimene ankadziwa. Ena anawakulunga m'thumba pamodzi ndi maapozi akupsa kwambiri. Ena anawaika pamwala wotentha masana. Anayatsa kandulo kwa Anna Woyera, amene amasunga oyembekezera. Kangapo anafika pakhomo la chipinda, akumva mtsikana akupinda zovala, n'kubwerera. Akanena, mtsikana apita ndi mkwiyo ndipo sadzabweranso. Akapanda kunena, apitabe. Koma wopita ndi chisoni mwina amabwerako. Anadzinyenga choncho, podziwa bwino kuti akangofika kumpoto, mawu oyamba a mayi ake adzakhala ofunsa za kabokosi.

Lachitatu m'mawa kunali nkhungu. A Nunziata sanathe kuyang'ana sutikesi itaima pakhomo, choncho anathawira kumabedi. Anagwada pafupi ndi mpanda, navundukula nsalu komaliza. Palibe chinasintha. Gelsomina anali pabedi lachiwiri, akutembenuza maapozi osayankhula, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Akubwera," anatero Gelsomina motsitsa.

Orsola ankatsika pakati pa mabedi, atavala chikhoti chake cha paulendo chimene sichinkatsekekanso pamimba, akuponda mosamala m'ngalande. A Nunziata anaponya nsalu pa mapeyala, natembenuka, nakhala pansi patsogolo pake atatambasula siketi yawo yakuda mbali zonse ngati nkhuku yofungatira.

"Mwandithawa, mayi. Ndimati ndipite osatsanzika?"

"Bwerera, udzu wanyowa, uterereka. Ndikubwera komweko."

"Basi ili pafupi. Sabatino watenga kale katundu kupita naye kugeti." Anaima pafupi. "Dzukani ndikupsompsoneni."

"Mawondo akana. Werama iweyo."

"Kuwerama ndiye sindingathe."

Gelsomina anakhosomola. "Nunzia, dzuka. Mwana akutsanzika."

"Iwe samala maapozi ako."

Orsola anayang'ana mabedi onse, ofiira kuchokera kumpanda mpaka kumsewu, nkhungu ikutuluka pamwamba pake.

"Mayi wa munthu wina amagwada m'matope kundiphikira," anatero. "Wondibereka walephera kabokosi kamodzi. Mtengo wa mapeyalawo uli kuseri kwa khitchini kwathu, mayi. Sakanagula n'kugula komwe. Ndimawamva fungo lake ndikagona, ndimawamva pano pakhosi."

Misozi inatsika, ndipo manja ake onse awiri ananyamuka kupita kumaso.

A Nunziata sanaganize. Mawondo amene anakana aja anawaimitsa nthawi imodzi, namugwira mtsikana m'mikono manja asanafike pamasaya. Siketi inakoka nsalu. Mapeyala awiri anagubuduka kuchoka pa udzu n'kuima pa nsapato ya Orsola.

Orsola anayang'ana pansi. Anaona mapeyala, kenako nsalu. Anamasula mikono yake pang'onopang'ono, nagwira mpanda, natsika mpaka kugwada. Anatola nsaluyo, napeza chigamba cha pakona, nachisisita ndi chala.

"Ichi ndinasoka ndine, ndili mwana."

Kenako anatembenukira kwa apongozi ake.

"Inabwera liti?"

"Tsiku la sikelo."

"Tsiku limene ndinakufunsani."

"Anabwera osapsa, mwana wanga. Iwe unati ofiira, unati ofewa. Ndinaluma, anali miyala. Ndinati ndiwafiiritse kaye, monga timachitira. Ndawatembenuza tsiku lililonse. Palibe apozi amene ndinamusamalapo chonchi."

"Mwawayanika padzuwa."

"Ndi kuwawaza madzi."

Orsola anatseka maso. Phokoso limene linatuluka pakhosi pake silinadziwike ngati kuseka kapena kulira.

"Amenewa safewa, mayi. Mungawatembenuze mpaka Pasaka. Amakhala m'chipinda chozizira, mumdima. Sadyedwa aawisi. Amaphikidwa m'vinyo. Chofiiracho ndi vinyo."

"Sunanene za vinyo."

"Ndani sadziwa?"

"Ife," anatero Gelsomina.

Kumtunda, pakhota la msewu, basi inaliza hutala. Sabatino anaitana dzina la mkazi wake ali kugeti.

A Nunziata anaima manja ali lende. Panalibenso chogwira. "Pita ukawauze mayi ako chimene ndachita," anatero. "Uwauze kuti iwo anatumiza. Koma m'sitima usakhale pafupi ndi zenera, ndipo manja uwaike pansi pa chikhoti."

Orsola sanawayang'ane. Anali akutola mapeyala limodzilimodzi, kulinunkhiza paphesi, kulidina pansi. Ena ankaponya kuseri kwa mpanda. Ena ankaika pansalu. Oponyedwa anachuluka. Nkhope yake inali youma, ndipo a Nunziata sanathe kuiwerenga.

Hutala inaliranso, pafupi.

"Orsola, ikufika," anafuula Sabatino.

Mtsikana anamanga nsonga za nsalu. Munali mapeyala osadzaza manja awiri. Anatambasula dzanja osayang'ana, a Nunziata analigwira n'kumudzutsa. Anayenda kukwera pakati pa mabedi, kamtolo kali pamimba, apongozi ake ali pambuyo. Pamene njira imagawikana, ina yopita kugeti, ina kukhitchini, anaima. Basi inali itaima pamsewu, injini ikulira, Sabatino atakweza kale phazi limodzi ndi sutikesi m'manja.

"Vinyo wofiira alipo m'nyumba?"

"Watsopano uja. Koma vinyo kwa munthu wa pakati..." A Nunziata analuma lilime. "Alipo."

"Shuga. Sinamoni ngati muli naye. Ndi poto wadothi, osati wachitsulo."

Analowa kukhitchini. Kumsewu dalaivala ananena china chake chokhudza akazi, Sabatino anatsitsa phazi, basi inapita.

Mapeyala amenewa safuna changu. Orsola anawatsuka, osasenda, nawaimika mumphika mapesi ali m'mwamba, nathira vinyo mpaka m'khosi mwawo. Anakhala pafupi ndi moto chikhoti chili m'thupi. Sabatino anaika sutikesi pakhomo, nayang'ana akazi awiriwo, naona kuti kuli bwino akadule nkhuni. A Nunziata anakhala pakona. Anafuna kunena kuti moto wachepa, kuti nthunzi ya vinyo si yabwino kwa mwana, kuti mpando umenewo uli pamphepo. Zonse anazimeza. Nyumba inayamba kununkhira fungo limene a Nunziata sanalimvepo, ndipo mapeyala anawira pang'onopang'ono mpaka dzuwa litafika pamutu.

Orsola atavundukula, mapeyala anali atafiira, makwinya atawala, msuzi utalemera ngati uchi. Anaika limodzi m'mbale. Supuni inalowa yokha. Anadya ataweramitsa mutu, pang'onopang'ono, mpaka kutsala phesi. Anatenga lachiwiri. Atamaliza lachitatu anavula chikhoti n'kuchikoleka pampando.

"Madzulo mupita nane kugolosale," anatero. "Ndikaitanitsa mayi anga pa telefoni. Mukayankhula ndinu. Mukawauza kumene mapeyala awo anagona."

"Sadzandimva. Chiyankhulo chathu n'chosiyana."

"Mukafuula, monga mumachitira ndi Gelsomina."

"Nanga sutikesi?"

"Ikhale pomwepo mpaka mutayankhula."

Anaika peyala lomaliza m'mbale ina, nalikankhira kwa apongozi ake. A Nunziata analiyang'ana mokayika, chifukwa chipatso chimenechi chinali chitawagwedeza kale dzino. Analawa kansonga. Supuni inabwereranso.

Atadzutsa maso anaona Orsola akunyambita msuzi pachala, ndipo chala chomwecho chikukwera kupita kutsaya. Thupi lawo linanyamuka lokha pampando.

"Khalani pansi, mayi. Ndadya."

Mtsikana anaika dzanja lonse patsaya, nalisiya pomwepo, akuwayang'ana m'maso. A Nunziata anakhala pansi. Anagwira mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri kuti asanyamukenso, koma maso awo sanachoke pa dzanjalo kufikira litatsika.